Mapu a dziko limene linamira

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu kuno ku Mulanje ankaima pamwamba pa matope ndi miyala n'kumaloza kuti, "Apa panali munda wa amayi, njira ya kuchitsime inkadzera apo." Ankadziwa chifukwa anakulira pomwepo. Ife ofukula zakale timafuna kuloza chimodzimodzi, koma pamalo amene anamira kalekale, popanda wotsala woti atiuze.

Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo madzi ambiri padziko anali oundana, ndipo nyanja zamchere zinali zotsika ndi mamita pafupifupi 120. Munthu ankatha kuyenda pansi kuchoka ku Britain mpaka ku Netherlands. Madzi oundanawo atasungunuka nyanja zinakwera, choncho dera limenelo lero lili pansi pa nyanja yotchedwa North Sea, ndipo timalitcha Doggerland. Mu 1931 asodzi a m'sitima yotchedwa Colinda anavuula chibuma cha dothi lakuda la m'dambo, mkati mwake muli nsonga ya mkondo yosemedwa ndi nyanga. Mlenje wina anayendapo pamenepo.

Nanga mapu a Doggerland amajambulidwa bwanji? Mukakuwa m'chigwa cha Likhubula, mawu amagunda thanthwe n'kubwerera. Sitima imachitanso zomwezo: imatumiza phokoso pansi pa madzi n'kuyesa nthawi imene latenga kuti libwerere. Matope, mchenga ndi mwala zimabweza phokoso mosiyana. Makampani ofufuza mafuta anali atayeza kale nyanjayo motere, ndiye gulu la Vince Gaffney ku yunivesite ya Birmingham linatenga zoyezazo n'kuona mitsinje, madambo ndi timapiri tokwiririka. Kenako kompyuta imakweza madzi pang'onopang'ono pamapupo, kuti tione kumene kunayamba kumira.

Apa ndiye ndimachenjeza ophunzira anga. Chithunzi cha pakompyuta chimakongola, mwina mopitirira, koma chimangotiuza poyenera kuboola. Umboni weniweni umatuluka mu paipi yokhomedwa pansi pa nyanja. Ikazulidwa mumakhala matope osanjikizana, okhala ndi mungu wa mitengo, makala ndi tizigoba ta nkhono.

Nyanja ya Malawi nayo inabooledwa motere mu 2005. Matope ake anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika ndi mamita mazanamazana. Malo ambiri amene asodzi amaponya makoka lero anali mtunda wouma.