Mwangosintha dzina la foda, nanga bandulo yathera kuti?

Muli ndi foda ya zithunzi ya 20 GB, ndipo mwangoisintha dzina kuchoka pa "Zithunzi" kukhala "Zaukwati". Simunawonjezemo kanthu. Koma pulogalamu yomwe imaonetsetsa kuti mafayilo a pa kompyuta yanu ndi a pa seva (kompyuta ina yomwe mumasungirako mafayilo kudzera pa intaneti) akufanana yayamba kutumizanso zonse.

Nkhani yagona pa mmene pulogalamuyo imazindikirira fayilo. Titenge rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Imeneyi imadziwa fayilo ndi dzina lake komanso pomwe ili, basi. Dzina likasintha, kwa iyo foda yakale yasowa ndipo kwabwera ina yachilendo. Ndiye imatumiza yachilendoyo yonse, ndipo ngati munawonjezera mawu akuti --delete pa lamulo loiyendetsera, yakale ija imaifufuta kusevako. Ena amadalira kuwonjezera --fuzzy, yomwe imauza rsync kuti ifunefune fayilo yofanana kusevako, koma imafunafuna m'foda yomwe mukutumizamo basi. Fodayo ndi yatsopano, mulibe kanthu, ndiye ipezamo chiyani?

Mapulogalamu ena amayang'ana zam'kati. Syncthing imaduladula fayilo m'tizidutswa, kalikonse n'kukhala ndi nambala yake ya SHA-256, ngati chidindo cha chala. Kompyuta inayo ikaona kuti tizidutswato ili nato kale pa disiki yake, imangotenga pomwepo m'malo motiitanitsa pa intaneti. Nayo rclone imachita zofananako mukaiuza --track-renames. Kuwerengera nambalazi kumadya nthawi ndithu, koma ine ndimati bola kompyuta itope kusiyana n'kuti mugulenso bandulo.

Palinso njira yachidule. Pa makompyuta oyendera Linux fayilo ndi foda iliyonse zili ndi nambala yotchedwa inode, yomwe sisintha mukasintha dzina kapena mukazisamutsa m'chigawo chomwecho cha disiki. Pulogalamu yosunga nambalazi imaizindikira foda ija pompo. Mukaisamutsira pa disiki ina, nambalayo ndi inanso.

Kwa inu a rsync, yambani mwasintha dzinalo kusevako ndi lamulo la mv, lomwe silitenga nthawi chifukwa palibe chomwe likukopera. Dzina lifanane ndendende mbali zonse ziwiri, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kenako yendetsani rsync ndi --dry-run pamodzi ndi -v, ikuonetseni zomwe ikufuna kutumiza isanakhudze kanthu. Mukaona mndandanda wautali wa zithunzi zakale zija, imani kaye: mwina dzina lasiyana penapake.