Batire lamphamvu si mankhwala a kandege kaulesi

Ambiri amene angoyamba kuulutsa tindege ta rimoti amakhulupirira kuti kandege kakamavutika kukwera, mankhwala ake n'kuikamo batire lamphamvu basi. Maganizowa ndi akalekale, ndipo apsereza tindege tambiri.

Batire, mota, ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota) ndi pulopela zimayendera limodzi. Batire la mtundu wa LiPo la maselo atatu (3S) limapereka 11.1V, pomwe la maselo anayi (4S) limapereka 14.8V. Mota ya 1000KV (maulendo 1,000 pa mphindi pa volti iliyonse) yopanda pulopela imazungulira maulendo pafupifupi 11,100 pa mphindi pa 3S, koma pa 4S imafika 14,800. Mukasiya pulopela yomweyo, mphamvu yofunika poizunguza imaposa kuwirikiza kawiri. ESC ya 30A (yopirira magetsi osaposa ma ampeya 30) ikapyola malire ake imatentha mpaka kumveka fungo la pulasitiki wopserera, mota n'kuzima kandege kali m'mwamba.

Choncho mukasamukira ku 4S, ikani pulopela yocheperako, ndipo yezani magetsi ndi kachipangizo koyezera kotchedwa wattmeter kandege kali pansi, mutakagwira zolimba, zala zili kutali ndi pulopela.

Kulemera nakonso n'kofunika. Batire lolemera limasuntha CG, malo omwe kandege kamakhazikika mukakanyamula ndi zala kunsi kwa mapiko, ndipo kamatera mothamanga. Wophunzira amafunika kandege kotera pang'onopang'ono.