Hockey ya pa ayezi sinabadwire ku McGill

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti ophunzira a pa yunivesite ya McGill, mumzinda wa Montreal ku Canada, ndiwo anayambitsa masewera a hockey ya pa ayezi. Nkhaniyi si yoona. James Creighton, yemwe anakonza masewera otchuka a pa 3 Malichi 1875 ku Victoria Skating Rink, bwalo la ayezi la ku Montreal, anachokera ku Halifax, mzinda wina wa ku Canada. Kumeneko anthu ankasewera kale pa nyanja zoundana, ndipo amisiri a mtundu wa Mi'kmaq, eni nthaka a kuderalo, ankasema ndodo zosewerera. N'zomvetsa chisoni kuti amisiriwa satchulidwa kawirikawiri. Malamulo amene anasindikizidwa mu 1877 nawonso anatengedwa kwambiri ku hockey ya pa udzu ya ku England.

Ulemu wa McGill ulipo ndithu: mu 1877 ophunzira ake anakhazikitsa kalabu ya hockey, zaka 40 NHL, ligi yaikulu ya hockey ku Canada ndi ku America, isanayambe.