Kusinthasintha utoto sikukopa makasitomala

Ndatopa kumva, chaka ndi chaka, kuti bizinesi yaing'ono izisinthasintha utoto ndi kalembedwe ka dzina kuti izioneka yatsopano. Si zoona. Munthu amakumbukira chomwe waona mobwerezabwereza. Mayi wa ku Chinamwali akamatuma mwana sopo amangoti "pa okala yobiriwira paja", dzina salidziwa n'komwe. Mukapaka utoto wofiira, mwanayo apitirira. Chimodzimodzi dzina likalembedwa mwina pachikwangwani, mwina pa WhatsApp, mwinanso pa lisiti: wofuna kutumiza ndalama pafoni amayamba kukayika.

Yesani nokha. Funsani makasitomala asanu momwe amalondolera anzawo pamalo panu, mumve zomwe atchule. Musanauze mnzanu wa mumsika wa Zomba kuti apentenso, yambani mwafunsa kaye choncho.