Nambala ya mwana wanu pa Lichess si chikho

Makolo a kuno ku Zomba, tiyeni timvane ndisanatope. Nambala imene imaoneka pambali pa dzina la mwana wanu akamasewera chess pafoni si malikisi a mayeso, komanso si chikho. Kumabwera bambo kapena mayi, foni m'manja, chimwemwe chili tsaya: "Aphunzitsi, taonani, mwana wanu uja wafika 1900." Ndikafunsa kuti 1900 ya kuti, ya magemu a mphindi zingati, wasewera magemu angati, amandiyang'ana ngati ndachita nsanje. Nsanje ndilibe. Ntchito yanga ndi yophunzitsa chess, ndipo ana amene nambalayi yawalanda masewera awo ndawaona ndi maso angawa.

Nambala imeneyi, imene amaitcha rating, ili ndi ntchito imodzi basi, kukupezerani mnzanu wofanana naye mphamvu. Mukadina kuti mukufuna gemu, kompyuta ya Lichess kapena ya Chess.com, masamba osewerera chess pa intaneti, imayang'ana pakati pa anthu amene akudikira nthawi yomweyo, kaya ali ku India, ku Brazil, kaya pa Chinamwali pompa, n'kukupatsani amene nambala yake yayandikana ndi yanu. Cholinga chake n'choti muzipambana theka la magemu, theka lina muzigonja. Mwandimva bwino. Mwana akamagonja theka la magemu ake, ndiye kuti makinawo akugwira ntchito yake. Amene amapambana tsiku ndi tsiku osagonjako, mwina akaunti yake ndi yatsopano, apo ayi pali chimene chikuchitika.

Amene anakonza kawerengedwe kameneka ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa physics wobadwira ku Hungary amene ankaphunzitsa pa Marquette University ku America. Bungwe la chess la ku America linayamba kukagwiritsa ntchito mu 1960, ndipo FIDE, bungwe loyang'anira chess pa dziko lonse, linakatenga mu 1970. Nambala payokha siinena kanthu. Chimene chimayankhula ndi mpata wa pakati pa nambala yanu ndi ya mnzanu. Mukamuposa ndi 200, masamu amayembekezera kuti pa mapointi 100 aliwonse inu mutenga pafupifupi 76. Mukamuposa ndi 400, mutenga oposa 90. N'chifukwa chake mukagonjetsa wofooka amangokuwonjezerani pang'ono, koma iye akakugwetsani amakuzulani zambiri.

Ambiri amasocherera apa. Popeza nambala imakuyerekezani ndi gulu limene mukusewera nalo, munthu wa 1900 pa Lichess, wa 1900 pa Chess.com ndi wa 1900 ya FIDE ndi anthu atatu osiyana mphamvu. Lichess imayambitsa munthu pa 1500, ngakhale amene waphunzira dzulo mmene kavalo amadumphira, n'kuika chizindikiro cha funso pambali pa nambalayo. Chizindikirocho chikutanthauza kuti sitinakudziwe. Masamba onse awiriwa amagwiritsa ntchito njira yochokera kwa Mark Glickman, katswiri wa masamu wa ku America, amene mu 1995 anawonjezera pa masamu a Elo muyezo wosonyeza kuti nambala ya munthu ndi yodalirika motani. Akaunti ikakhala yatsopano, magemu ochepa okha amatha kuikweza kapena kuitsitsa ndi mazana. Kuwonjezera apo, magemu a mphindi imodzi ali ndi nambala yakeyake, a mphindi 15 yakenso. Ya FIDE ndiye simungaipeze mutagona pamphasa. Mumakhala patebulo pamaso pa oyimbira, n'kusewera magemu osachepera 5 ndi anthu amene ali nayo kale, ndipo kuyambira mu March 2024 imayambira pa 1400. Magnus Carlsen, katswiri wa chess wa ku Norway, pachimake pa mphamvu zake mu 2014, anafika 2882 ya FIDE, pamene pa intaneti akatswiri amadutsa 3000 pa magemu achangu. Ndiye musamatenge nambala ya pafoni n'kumaiimika pambali pa ya anthu amene amapita ku mipikisano ya Chessam, bungwe loyang'anira chess kuno ku Malawi.

Anzathu osewera makhadi a bridge amatisirira. Iwo amasewera anayi, awiri mbali ino awiri mbali inayo, ndiye munthu akagonja n'kovuta kudziwa kuti walakwitsa ndi iyeyo kapena mnzake. Pa Bridge Base Online, tsamba limene Fred Gitelman anayambitsa mu 2001, wosewera amadzisankhira yekha mulingo wake, kuyambira Novice mpaka World Class, ndipo mukudziwa nokha zimene munthu amalemba akauzidwa kuti adziyeze yekha. Ma masterpoints, mapointi amene osewera bridge a ku America amapeza pa mipikisano, amangounjikana osatsika, kotero amasonyezanso zaka zimene munthu wasewera, osati luso lokha. Ku England anachita kukonza njira yapadera yoganiziranso mphamvu za mnzako amene wakhala naye mbali imodzi. Ife a chess tilibe mnzathu womunamizira, muyezo wathu ndi woongoka. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona anthu akuupotoza dala.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anali Fomu 2, wa cha ku Matawale, wofatsa, wosayankhulayankhula. Pa magemu a mphindi 10 ankayenda cha m'ma 1300, ndipo imeneyo inali nambala yake yeniyeni. Chimene ndinkamukondera n'chakuti tebulo likatsala ndi mfumu ndi mapawn okha, pamene anzake amangokankha mwachimbulimbuli, iye ankakhala phee n'kumawerenga mabokosi ndi maso. Zimenezo siziphunzitsika msanga.

Bambo ake anakumana pa gulu la WhatsApp ndi munthu wodzitcha master. Anawalonjeza kuti akalipira, mwana adutsa 2000 mwezi usanathe, ndipo anapempha password ya akaunti, ati kuti aziona mmene mwanayo akuchitira. Nambala inakweradi. Bambowo anasangalala, anauza anzawo kuntchito ndi kutchalitchi.

Taganizani tsopano zimene zinkachitika mwanayo akaweruka kusukulu n'kutsegula foni. Kompyuta siidziwa kuti amene ankasewera usiku pa akauntiyo anali munthu wina. Imaona 2100, n'kumubweretsera munthu wa 2100. Ankamumaliza asanafike kusuntha kwa 25, gemu iliyonse, ndipo kugonja kulikonse kunkadya nambala imene bambo ake analipira. Anayamba kubisa foni. Kenako anasiyiratu kusewera magemu owerengedwa, aja amene amakweza kapena kutsitsa nambala, n'kumangoyang'ana nambala ija ngati katundu wa eni wosafunika kukhudza.

Bambo ake atandibweretsera akauntiyo, panalibe chovuta kuona. Magemu a 1 koloko ndi 2 koloko usiku anali oyera ngati a m'buku, ndipo kusuntha kulikonse kunkatenga masekondi ofanana, 7 kapena 8, ngakhale pamalo poti munthu aliyense amangodya kwini osaganiza. Umo ndi mmene amaonekera munthu amene akukopera kwa Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosewera chess, pa foni ina: amalowetsa kusuntha kwa mdani, n'kudikira yankho, n'kubwerera. Magemu a masana anali a mwana wamantha amene akutaya bishop pachabe. Eni tsambalo anali atazionanso kale zimenezi, ndipo akauntiyo anali ataiika chizindikiro chofiira choti yaphwanya malamulo. Bambowo, asanabwere kwa ine, anali atamukalipira kale mwanayo kuti wawachititsa manyazi pobera. Ndinawauza kuti, "Bambo, mwanayu sanabere. Amene munamulipira uja ndi amene ankabera, pa dzina la mwana wanu." Anangoti kukamwa yasa. Master uja ndiye foni yake inali itasiya kale kupezeka.

Mnyamata uja ndinamukhazika patebulo kuti tiyambirenso. Dzanja linkafika pamwamba pa pawn n'kuima m'malere, iye n'kundiyang'ana kumaso kuti aone ngati ndikuvomereza. Mwana amene kale ankadzidalira pa mapeto a gemu anali atasiya kukhulupirira maso ake. Anabwerako pang'ono, kenako anasiya. Ndimakumana naye mumsika, amandipatsa moni mwaulemu, za chess osazitchula. Bambo ake akanabwera naye mwezi woyamba uja, nambala itangoyamba kuthamanga modabwitsa, bwenzi tikukamba zina.

Kuika mwala m'thumba la mwana popita naye ku sikelo sikumunenepetsa, kumangonamiza adokotala kuti asamuthandize. Akamberembere amenewa akuchuluka, ndipo kuwazindikira n'kosavuta. Mphunzitsi weniweni alibe nayo ntchito password ya mwana wanu, chifukwa magemu a pa Lichess aliyense amatha kuwaona pongolemba dzina la akaunti. Amene akulonjeza nambala yakuti pofika tsiku lakuti ndi wabodza, palibe amene angalonjeze zimenezo. Akadzitcha master, lembani dzina lake pa tsamba la ma rating la FIDE, n'laulere, muone ngati alipo ndipo ali ndi udindo wanji. Sindikuti aliyense wopanda nambala ya FIDE ndi wakuba, ayi, aphunzitsi ena abwino a m'masukulu mwathu alibe. Koma wodzitcha master ayenera kupezeka pamenepo. Ndipo muyeseni chonchi: aike foni m'thumba, akhale patebulo ndi mwana wanu, amufotokozere gemu imodzi imene anagonja. Wachinyengo amayamba kutuluka thukuta pomwepo.

Zina mumachita nokha kunyumba mosadziwa. Foni ndi imodzi, ndikumvetsa, koma akaunti ndi yaulere, aliyense akhale ndi yake. Mkulu wake akamasewera pa akaunti ya mng'ono wake, kapena amalume akamamunong'oneza kumbuyo kuti "idya apo", nambala imakhala ya anthu awiri ndipo siithandiza aliyense. Palinso anyamata ena a ku koleji amene amagonja dala kuti atsike, akalowe mpikisano wa ofooka n'kukatenga mphoto. Kumenekonso n'kubera, ndipo amatsekera akaunti chimodzimodzi. Za netiweki ndi magetsi musadandaule nazo kwambiri. Gemu imodzi yotayika chifukwa foni yaduka imabwezeka yokha pakapita magemu ena. Ingopewani kuyamba gemu yowerengedwa bandulo ili pafupi kutha, ndipo mwana wophunzira azisewera ya mphindi 15 yowonjezera masekondi 10 pa kusuntha kulikonse, osati zothamangitsana za mphindi imodzi zija.

Mukaona nambala yakwera ndi mazana m'masabata ochepa pa akaunti yakale, kapena mwana amene ankakonda kusewera wayamba kupewa magemu owerengedwa n'kumangosewera ndi kompyuta, musadikire kuti teremu ithe. Sinthani password tsiku lomwelo. Ngati akaunti aitseka kale, musathamangire kutsegula ina mobisa, chifukwa nayonso adzaitseka. Alembereni eni tsambalo kudzera pa njira yawo yodandaulira, munene zoona zake. Ndipo pobwera kwa mphunzitsi, kaya ndi ine kaya wina, musatisonyeze nambala. Titsegulireni magemu 20 omaliza a mwanayo, tiyambire pa amene anagonja.