Chidindo cha halal ku Thailand: mkangano wa lero, mbiri ya kalekale

Mu Januwale 2022 mayiko a Thailand ndi Saudi Arabia anabwezeretsa ubale umene unasokonekera mu 1989, pamene wantchito wa ku Thailand anaba miyala yamtengo wapatali m'nyumba ya kalonga wa ku Saudi. Nkhuku za ku Thailand zinayambanso kugulitsidwa ku Saudi, ndipo alendo Achiarabu achuluka ku Bangkok ndi Phuket. Koma ku Thailand komweko Abuda ena akhala akudandaula pa Facebook. Akuti chidindo cha halal chili pa katundu wambiri m'masitolo, ngakhale pa madzi akumwa, chonsecho Asilamu ndi anthu pafupifupi 5 okha pa 100 alionse. Ena amalankhula ngati halal ndi chinthu chachilendo chimene chabwera ndi malonda. Mbiri sikugwirizana nawo.

Nkhani imene boma limakonda kufotokozera alendo ndi ya ku Ayutthaya, likulu lakale la ufumu wa Siam, dzina lakale la Thailand. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, wamalonda wa ku Persia dzina lake Sheikh Ahmad anakhazikika mumzindawu, nakwezedwa kukhala nduna ya mfumu. Amatchulidwa kuti ndiye Chularajmontri woyamba, udindo wa mtsogoleri wa Asilamu umene ulipo mpaka lero. Olemba ambiri amati ndiwo yotchuka ya massaman, ya nyama, mbatatesi ndi mtedza zophikidwa mumkaka wa kokonati, inachokera kwa Aperezi amenewa. Ena amati inakwera kuchokera kum'mwera ndi Amalaya, mtundu wa anthu a ku Malaysia ndi kum'mwera kwa Thailand. Zokometsera zake, monga sinamoni ndi cardamom, zikusonyeza kuti inadzera m'njira za amalonda, koma sizitsimikizira kuti woyamba kuphika anali ndani.

Ine ndikuona kuti pamene zinthu zinatembenukira ndi ku Patani, kum'mwera kwa Thailand ya lero. Umenewu unali ufumu wa Amalaya Achisilamu, wokhala ndi doko lolemera, ndipo unkatumiza maluwa osula ndi golide ku Siam ngati msonkho. Ayutthaya atawonongedwa ndi asilikali a ku Burma mu 1767, Patani analeka kutumiza. Mfumu Rama I itakhazikitsa likulu latsopano ku Bangkok, mng'ono wake anatsogolera asilikali kum'mwera, ndipo pofika 1786 Patani anagwa. Mzinga waukulu wa mzindawo, Phaya Tani, anaunyamula, ndipo lero uli panja pa likulu la unduna wa zachitetezo ku Bangkok. Ananyamulanso anthu. Nkhondo itabukanso m'zaka za m'ma 1830, enanso anatengedwa. Mabuku a boma amati kunali kuthetsa kuukira, pamene olemba a ku Patani amati kunali kulandidwa dziko. Pa chiwerengero cha ogwidwa mbali ziwirizi zimasiyana, koma palibe amene amatsutsa kuti mabanja anachotsedwa kwawo mokakamiza.

Ambiri mwa anthuwa anawakhazika kum'mawa kwa Bangkok, m'mbali mwa ngalande ya Saen Saep imene Rama III analamula kuti ikumbidwe mu 1837 pofuna kutumiza asilikali ndi katundu ku nkhondo yolimbana ndi Vietnam. Anthu a m'madera amenewa amafotokoza kuti makolo awo anagwira nawo ntchito yokumbayo, ngakhale zolembedwa zina zimatchula kwambiri aganyu Achitchaina. Ichi ndicho chifukwa chake mlendo amene wakwera boti la pangalandeyi amaona mizikiti motsatizana, ndipo ku Ramkhamhaeng, Min Buri ndi Nong Chok savutika kupeza khao mok kai, mpunga wachikasu wophikidwa ndi nkhuku, kapena supu wowawasa wa mchira wa ng'ombe ndi roti mataba, chapati choikamo nyama m'kati. Ophika ambiri kumeneko ndi zidzukulu za ogwidwa aja.

Zotsatira zake tingazidutse mwachangu. Pangano la 1909 linapereka madera a Amalaya a Kedah, Kelantan, Terengganu ndi Perlis kwa Angerezi, Patani n'kutsala ku Siam. Lamulo la 1997 linalongosola mphamvu za bungwe lalikulu la Asilamu, Central Islamic Council of Thailand, ndi makomiti a m'zigawo, omwe amayendera mafakitale ndi malesitilanti asanapereke chidindo. Yunivesite ya Chulalongkorn ili ndi malo oyezera zakudya, a Halal Science Center, amene anayambitsa Winai Dahlan.

Odandaula ali ndi funso lomveka pa ndalama zimene makampani amalipira ndi mmene zimayendera, ndipo n'loyenera kuyankhidwa poyera. Komabe palibe kampani imene imakakamizidwa. Eni ake amapempha chidindocho pofuna msika wa ku Malaysia, Indonesia ndi ku Middle East. Kwa Msilamu nkhani ndi ina. M'makhitchini ambiri a ku Thailand msuzi wa mafupa a nkhumba ndi mafuta ake zimalowa ngakhale m'chakudya chooneka ngati cha ndiwo zamasamba kapena cha nkhuku, ndipo nkhukuyo mwina sinazingidwe mwa Chisilamu. N'chifukwa chake ogulitsa a m'misewu amene alibe ndalama za satifiketi amangopachika chikwangwani chobiriwira cha mwezi ndi nyenyezi, ndipo anthu a m'deralo amawadziwa kuti amapemphera mzikiti uti.