Agogo akayamba kukana nyama, yang'anani m'kamwa

Mtsikana wina anabwera ndi agogo ake kuchipinda chathu cha mano. "Akungowonda, nyama akukana, kukwaya nako anasiya," anatero. Poyankha moni wanga, agogowo anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Atayasamula ndinawerenga mano asanu ndi awiri okha, atatu akugwedera, nkhama zili zotupa.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo akatsala ndi 20 olimba amatafunabe bwino. Akachepera apo, kadyedwe kamasintha mwakachetechete. Nyama, mtedza wokazinga ndi chimanga chowotcha zimayamba kubwerera m'mbale, kumatsala phala ndi tiyi wothira shuga wambiri. Thupi limafooka. Manyazi nawo amalowapo: m'kamwa mukununkha, mawu sakumveka bwino, kuseka pagulu kukuvuta. Mapeto ake munthu amakadyera yekha kuseri kwa nyumba, ife n'kumati ndi ukalamba basi.

Koma ukalamba pawokha sugulula dzino. Amagulula ndi matenda a nkhama, omwe amadya pang'onopang'ono fupa logwira dzino, nthawi zambiri osapweteka n'komwe. Kwa odwala shuga nkhaniyi ndi yaikulu: shuga akakwera nkhama zimadwala msanga, ndipo nkhama zotupa zimavutitsa kutsitsa shuga.

China chimene ambiri sachiganizira ndi malovu. Mankhwala ena a BP amaumitsa m'kamwa, chonsecho malovu ndiwo amatsuka mano tsiku lonse. Musasiye mankhwalawo. Auzeni adokotala, ndipo madzi azikhala pafupi. Tsukani mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, chinthu cholimbitsa mano. Mukatha lavulani, osachukucha ndi madzi. Agogo amene manja awo akunjenjemera, kulungani kansalu pachogwirira mswachi kuti chikule, kapena atsukeni ndinu. Mano oikirira azivulidwa usiku n'kutsukidwa, chifukwa tizilombo ta m'kamwa tikatsikira m'mapapo timayambitsa chibayo. Chilonda cha m'kamwa chikatha masabata awiri osapola, makamaka kwa osuta kapena oika fodya m'kamwa, thamangani nacho kuchipatala.

Agogo aja tinawazula mano atatu ogwederawo, otsalawo tinawatsuka. Atabweranso patapita mwezi, nkhama zinali zitaphwa, ndipo anandifunsa okha mtengo wa mano oikirira. Akuti Khirisimasi ikubwerayi akufuna akaimbe nawo.